Njerwa za Nkhuyu za a Levulo

Mumsewu monse anthu ankawatchula kuti a Levulo, ndipo sanalakwitse. Zaka makumi anayi ndi zisanu akumanga nyumba za anthu, bambowa sanayendepo opanda kachipangizo kaja koonera ngati khoma lawongoka. Ngakhale atapuma ntchito chifukwa cha mawondo, levulo sanaisiye. Akapita kukacheza kwa mnzawo, tiyi asanabwere n'komwe, mumangoona aiika pawindo, maso ali pa kadontho kaja, kenako n'kupukusa mutu. Eni nyumba chimwemwe chinkathera pomwepo.

Anayambira pansi, kukankha wilibala ndi kutunga madzi, mpaka anafika poti anthu ankadikira miyezi kuti awamangire iwowo basi. Kwa a Levulo chinthu chabwino chinali cholimba, nkhani n'kutha. Njerwa ankaiyesa poigogoda ndi mpeni womangira: ikalira kuti ngwee, yapsa, ikati phu, ankaiponya uko. Simenti ndi mchenga ankafuna zitembenuzidwe mpaka msana uwawe. Anagwetsapo khoma lathunthu lomwe anamanga okha, mwini nyumba akuwachonderera kuti lili bwinobwino.

Khitchini ya kwawo anaimanganso okha, sinki, mashelefu, zonse zili pamzere. Koma chimalizireni kuimanga ankalowamo pokamwa madzi basi. Si kuti anali aulesi ayi, akazi awo ndi amene sankafuna munthu pafupi ndi mapoto awo. Anali mayi wamfupi, wapakamwa pakuthwa, woti akakuyang'ana uli ndi supuni yake m'manja umaibweza wekha usanauzidwe.

Ndiye tsiku lina mayiwa akuyanika zovala anaterereka, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anawachita opaleshoni, anagona m'chipatala milungu iwiri. A Levulo sanakhale pansi. Tsiku lotuluka lisanafike anali atakhoma chitsulo chogwirira kuchokera kuchipinda mpaka kukhitchini, atakweza mpando wa m'chimbudzi, sitepe ya pakhomo ataigumula n'kuikapo potsetsereka. Chitsulocho mukanamangirirapo ng'ombe, sichikanagwedera.

Vuto linayambira pambale. Mpunga wawo unkapserera pansi, pamwamba uli wauwisi. Supu ankangokhala madzi otentha omwe karoti wadutsamo. Mayi ankalawa masupuni awiri n'kukankhira mbale uko. Kuwonjezera apo, mapiritsi opha ululu omwe anawapatsa kuchipatala anawamanga m'mimba, moti masiku atatu anadutsa osapita kokadzithandiza. Nkhope inagwa, ngakhale zolalata zinachepa, ndipo zimenezo ndi zomwe zinawaopsa kwambiri amuna awo.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, mphunzitsi wamkulu pasukulu ina kutali, ulendo wa maola asanu pagalimoto. Bambo ake ankamutchula kuti a Hedi, chifukwa ngakhale pafoni ankayankhula ngati ana ali pamzere. Lachiwiri anaimba foni ija yoonana nkhope, anaona masaya a mayi ake, anaona mbale ili pambali yosakhudzidwa, n'kupempha kuti ayankhule ndi bambo ake paokha.

"Bambo, sindikukunyozani ayi, koma kudwazika si kumanga khoma. Loweruka ndikubwera. Ndikapeza amayi sakudya, m'mimba mukadali momwemo, ndiwatenga akakhale kwathu mpaka achire."

A Levulo ankawadziwa mawu akuti mpaka achire. Mnzawo kalipentala akazi ake anatengedwa ndi ana mwa njira yomweyo, ndipo pano ankangobwera kudzacheza ngati alendo. Milungu iwiri ya kuchipatala ija inali itawakwana kale: ankadya ataimirira, wailesi ikuyankhula yokha, n'kumadzipeza akufunsa mpando wopanda munthu kuti malaya awo ali kuti. Kunena zoona anachita mantha, mantha enieni oti pamwamba pa makwerero sanawamvepo.

Lachitatu m'mawa kunabwera anesi odzatsuka bala. Anagwiragwira pamimba pa wodwalayo, n'kunena kuti mapiritsi aja amatero ndithu. Anasiya kabotolo ka mankhwala ofewetsa m'mimba, analamula madzi ambiri ndi kuyendayenda pang'ono, kenako n'kutchula nkhuyu. Ati nkhuyu, makamaka zouma, zili ndi timaulusi tosagayika tomwe timathandiza chakudya kuyenda m'matumbo. Ati zilinso ndi kashiamu yemwe mafupa amamufuna, komanso potaziyamu wothandiza pa kathamangidwe ka magazi. Koma anachenjeza kuti zouma zimatsekemera kwambiri, si zodya ngati mtedza, ndipo popanda madzi akumwa sizipindula kanthu. Akayamba kusanza kapena m'mimba mukapweteka kwambiri, asadikire nkhuyu, athamangire kuchipatala.

Anesi asanafike n'komwe pamphambano, a Levulo anali kale m'sitolo. Anagula mapaketi atatu, anawiritsa zodzaza kapu, n'kupita nazo kuchipinda akumwetulira. Akazi awo anasuzumira m'kapumo, anaona zinthu zabulauni zitafufuma, tinjere tili mbuu.

"Zimenezi mwayamba mwatafuna ndinu?" anafunsa, n'kutembenukira kukhoma.

Chomwe mayiwa ankadyabe chinali chimodzi: bisiketi imodzi ya m'paketi, pa tiyi wa folo koloko. Tsiku limenelo a Levulo anakhala pampando n'kumawayang'ana akuibenthula pang'onopang'ono, ndipo nzeru inawabwerera ya kuntchito. Paipi yamadzi ndi yonyansa, koma palibe amadandaula nayo chifukwa imabisidwa m'kati mwa khoma. Bwanji nkhuyuzo osazimangira m'kati mwa bisiketi?

Kutsidya kwa msewu kunkakhala mayi wophika makeke a ukwati, munthu wanthabwala, wonenepa bwino, ufa uli m'zikope tsiku lililonse. Atamva nkhaniyo anati mabisiketi otero alipo ndithu, ndipo awaphikira yekha madzulo omwewo. A Levulo anakana kwamtuwagalu. Ankamudziwa mwana wawo: akadzamva kuti amayi ake akudyetsedwa ndi aneba, ndiye kuti umboni wakwana. Anapempha muyezo wokha.

Mayi wa makeke anawauza. Nkhuyu azidule timapesi, aziwiritse m'madzi ochepa ndi madzi a ndimu mpaka zifewe, azinyenye zikhale ngati jamu. Kwinaku makapu awiri a fulawa, majarini, shuga pang'ono, dzira limodzi ndi pawudala wofufumitsa. Akande, ayale, apake nkhuyu pakati, apinde, aike mu uvuni mphindi makumi awiri. A Levulo analemba zonse pakapepala ka thumba la simenti ndi pensulo yawo yaphanthiphanthi. Mayi uja ananenanso kawiri kuti asakande kwambiri. Izi anamva ndithu, koma sanalembe. Mumtima anati ndi mawu omwe aja a anthu osafuna kutuluka thukuta, anawamva pantchito zaka zonse.

Abale, kukanda kwake! Anavula malaya n'kutsala ndi vesiti. Anakanda, anatembenuza, anakandanso, theka la ola lathunthu, mpaka ufawo unasalala n'kumanyezimira. Anauyala patebulo ndi botolo, anaikapo levulo kutalika ndi kufupika, kadontho kali pakati penipeni. Nkhuyu anapaka ndi mpeni womangira watsopano, atautsuka ndi sopo katatu. Anayeza ndi tepi, n'kudula zidutswa khumi ndi zisanu ndi chimodzi zofanana ngati zachokera m'chikombole chimodzi.

Mphindi makumi awiri zitakwana anatulutsa thireyi, anagogoda kachidutswa kamodzi, kanati phu. Anapukusa mutu n'kubweza. Patapita mphindi khumi anagogodanso, phu. Anawonjezera moto. Ulendo wachinayi kanalira ngwee, mawu omwe aja a njerwa yakupsa, ndipo mtima wawo unakhala pansi.

Akazi awo anachitembenuza chidutswacho, anavomereza kuti makona ake ndi okongola, n'kuluma. Mano anangoti gwa. Anachigogoda pakatebulo ka pambali pa bedi, kapu ya madzi inanjenjemera. Pomwepo mayi anaphulika kuseka, koyamba chigwereni, atagwira pabala, misozi ili chuchuchu, akuti amuna awo asataye, akamangire khola la nkhuku. Kuseka anaseka ndithu, koma m'mimba simunalowe kanthu.

A Levulo sanatayepo zipangizo moyo wawo wonse. Anakhala kukhitchini, anathira tiyi m'kapu yaikulu, n'kumaviika njerwa zija imodziimodzi mpaka zifewe. Poyamba ankadya ndi mkwiyo, kenako anaona kuti m'kati mwake mukukoma. Anadya zisanu ndi zinayi.

M'mawa wa Lachinayi chitsulo chogwirira chija anayamba kuchiyesa ndi mwini wake, akuthamangira kuchimbudzi. Akazi awo ankawerenga ali pabedi, ulendo woyamba, wachiwiri, mpaka wachinayi, ndipo ulendo wachinayiwo masilipasi anatsala m'njira. Anawaitana n'kuwauza kuti mankhwala awo ndi amphamvu zedi, kungoti alakwitsa wodwala. A Levulo anasangalala. Anesi sananame, zipangizo zinali zenizeni, cholakwika chinali mmisiri.

Anawolokanso msewu, chidutswa chimodzi chili m'thumba, ulemu uli wonse. Mayi wa makeke anachiyesa ndi dzino, anachigwetsa pansi dala, sichinasweke. Ataseka mokwana anavula epuloni n'kuwatsatira. Anagwirizana kuti iye sagwira chilichonse. Anakoka mpando, anapinda manja, n'kukhala ngati kapitawo.

Atangosakaniza kwa mphindi imodzi, ufa ukadali wamabudumabudu, mayi uja anati basi. A Levulo anamuyang'ana ngati wawatukwana.

"Mayi, izi sizinagwirane."

"Zagwirana mokwana. Chotsani manja, bambo."

Anawafotokozera kuti fulawa si simenti, ukamamukanda kwambiri amalimba ngati mphira, ndiye ukamuwotcha nthawi yaitali amasanduka mwala. Ufawo anauika mufiriji theka la ola kuti upume, ndipo izi a Levulo anazimvetsa, pakuti ngakhale maziko amafuna kuwasiya kaye. Koma pa uvuni m'pomwe panavuta. M'mphepete mutangoyamba kufiira, mayi uja anati atulutse. Anadina ndi chala pakati, chala chinalowa, panatsala kadzenje. Mtima unawapweteka ngati aona khoma lopendekeka. Anati pantchito yawo chinthu chotere n'chogwetsa, mayi uja n'kuyankha kuti pantchito yake n'chodya. Anawadulitsa zikadali zofunda, n'kuwauza aziike m'chitini chotseka kuti zipitirire kufewa. Munthu amene moyo wake wonse ankalimbitsa zinthu anakhala pampando akudikira kuti ntchito yake ifewe.

Folo koloko anapereka tiyi, pambali pali zidutswa ziwiri, iwo n'kuima pakhomo kumanamizira kuona ngati chitseko chikutsekeka bwino. Akazi awo anadina, ananyema, ananunkhiza, n'kuluma pang'ono. Anatafuna, tinjere tikumveka kuthetheka, anamwera tiyi, n'kulumanso. Chitatha, m'pomwe mlandu unayamba. Mchere sanaikemo ngakhale pang'ono, kodi anamva kuti kuti ufa umaphikidwa wopanda mchere? Shuga wachuluka, nkhuyu n'zotsekemera kale. Ndimu anangofinya madzi, khungu lake n'kutaya, pomwe fungo limakhala m'khungumo. Zonsezi ankanena chachiwiri chili kale m'manja. A Levulo sanamvepo kulalata kokoma chonchi, ndipo anathamanga kukatenga madzi akumwa monga ananenera anesi.

Lachisanu m'mawa anayamba ulendo wachitatu, payekha tsopano. Koma mayiwa mapoto awo ankawadziwa ndi kulira kwake. Ali pabedi anamva kuti nkhuyu zikuwiritsidwa mupoto wa mkaka, anamva supuni yachitsulo ikukanda pansi pake, ndipo sanathe kupirira. Masiku onsewa ankakana kuyenda, ati bala likukoka. Tsiku limeneli anadzuka okha, anagwira chitsulo chawo choyendera cha miyendo inayi, n'kuuyamba. Mtunda woti munthu amayenda akuyasamula unawatengera mphindi khumi. A Levulo atatembenuka anangoona akazi awo ali pakhomo la khitchini, thukuta lili kamukamu, akufunsa kuti ndani anawapatsa chilolezo chogwira poto ameneyo.

Anawakhazika pampando wokhala ndi pilo, ndipo tsiku lonse ntchito inayenda ndi pakamwa. Mchere wotapa ndi zala ziwiri. Khungu la ndimu apale lachikasu lokhalo, loyera limawawa. Atamaliza mabisiketi anawalamula atsuke mpunga, madzi afike pamfundo yoyamba ya chala, moto achepetse, chivindikiro asatsegule ngakhale mtima ufune bwanji. Supu anayambira kukazinga anyezi. Masana mayi anadya theka la mbale, akudandaula kuti karoti wadulidwa ngati wa ng'ombe. Pa tiyi anadya mabisiketi awiri. Madzi anamwa, mankhwala a anesi anamwa. Koma dzuwa linalowa m'mimba muli chete.

Loweruka cha m'ma naini galimoto inaima panja. A Hedi analowa ndi sutikesi yopanda kanthu, anakumbatira mayi ake, anapereka moni kwa bambo ake mwaulemu wonse. Bambo anathamangira chitini. Mwana analawa, anadabwa, anafunsa kawiri ngati aphikadi okha, n'kuvomereza kuti n'zokoma. Anamva za mpunga, anamva za ulendo wa kukhitchini, anagwedeza mutu. Kenako anafunsa funso lija limodzi, la m'mimba. A Levulo bodza sankalitha. Anati ayi, sizinachitike.

Mwana sanakalipe. Anangotsegula wodilopu n'kuyamba kupinda zovala za mayi ake, bulauzi, siketi, juzi yobiriwira yopitira kutchalitchi. Bambo anaima m'kolido manja ali lende. Anafuna kunena kuti awapatse tsiku limodzi lokha, koma ankadziwa kuti mwanayo sakulakwa, masiku anali atachuluka. Ankangomva mahang'ala akugundana, ndipo hang'ala iliyonse inkawapweteka.

Sutikesi itafika pakati, mayi anatsitsa miyendo pabedi, anakoka choyendera chawo, n'kunena kuti awapatse njira. Anadutsa pakati pa awiriwo osayang'ana munthu, nkhope ili ngati akupita kukasaina chikalata, analowa m'chimbudzi n'kukhoma chitseko.

Inu, anthu awiri akuluakulu, wina mphunzitsi wamkulu wa sukulu yathunthu, wina mmisiri wodziwika, anaima m'kolido ngati akudikira zotsatira za mayeso. Mwana bulauzi ili m'manja, bambo akupukuta manja ouma pathalauza. Wina akafuna kuyankhula mnzake ankamukweza chala. Panadutsa mphindi zisanu, zinakwana khumi. Kunja wogulitsa masamba anadutsa akuitanira, a Levulo n'kulakalaka atamutseka pakamwa. Kenako anamva madzi akukhuthuka m'thanki, phokoso lomwe anali atalimva kambirimbiri osaliganizira. Bambowa anagwira chitsulo chawo chija ndi manja awiri.

Chitseko chinatseguka. Mayi anawayang'ana onse awiri, n'kufunsa ngati sanaonepo munthu akuchokera kuchimbudzi.

Kaya zinali nkhuyu, kaya madzi, kaya kabotolo ka anesi, kaya ulendo uja wokateteza poto wa mkaka, palibe angalumbire. Mwina zonse zinathandizana. Koma mukafunsa a Levulo, musayerekeze kutchula kabotolo.

A Hedi anaseka mpaka kutsamira khoma, akupukuta maso ndi bulauzi ya mayi ake. Koma uhedi sutha ndi kuseka. Onse atakhala kukhitchini, tiyi ali patebulo, anayambanso modekha. Anati wayamikira kwambiri, bambo ayesetsa zoti sankayembekezera. Komabe kwawo kuli wantchito wodziwa kuphika, chipatala chili pafupi, ndipo bambo nawo mawondo ndi omwewa. Milungu iwiri yokha, kapena itatu. A Levulo anangoyang'ana m'kapu mwawo. Zonse zinali zoona.

Mayi sanafulumire. Anatsegula chitini, anasankha chidutswa cha pakona, anachinyema pakati, n'kutafuna mpaka kumeza.

"Mwanawe, kabweze zovalazo. Zaka makumi anayi ndi zitatu ndakhala ndikuwaphikira bambo akowa, katatu pa tsiku, osapumako. Iwo ayamba kuphika chinthu chodyeka dzana lomweli, ndiye iwe undichotse lero? Ayi. Ndikhala pompano, ndidye za m'manja mwawo, ndione kuti afika nazo pati."

Mwana anayang'ana bambo ake. A Levulo anadzuka msangamsanga. Anapatsa onse msana, anatsegula kabati, n'kukhala nthawi akuyang'ana m'katimo. Kenako anafunsa kuti poto wa mpunga paja ndi uti.

"Wachiwiri kumanzere," anatero akazi awo. "Ndipo muphike wa anthu atatu, mwanayu wayenda ulendo wautali."